Belu likalira usiku, woyankhayo walipidwa ndi ndani? Njira zisanu zoyendetsera bizinesi ya chithandizo cha zaumoyo cha pakhomo

Kabatani kovala m'khosi, kamene munthu wokalamba amadina akagwa kuti belu lilire kwa omuthandiza, si kachilendo. Kampani ya Lifeline inayamba ndi ganizo lomweli ku America mu 1974, ndipo ya Tunstall ku Britain ndi yakale kuposa apo, ya mu 1957. Chimene chasintha ndi kuchuluka kwa zipangizo. Lero kuli wotchi yozindikira kuti munthu wagwa, makina oyeza BP kapena shuga amene amatumiza okha zotsatira kwa namwino, kabokosi ka mankhwala kokumbutsa nthawi yomwera, ndi timasensa toona ngati munthu watsegula chitseko cha kuchipinda m'mawa uno. Zonsezi n'zoti munthu wokalamba, waulumali kapena wodwala matenda okhalitsa apitirize kukhala m'nyumba mwake n'kumadzichitira zinthu, koma zikavuta apezeke womuthandiza.

Ofuna chithandizochi ndi ambiri ndipo akuchulukirabe. Bungwe la WHO limati pofika 2030 munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse padziko adzakhala ndi zaka 60 kapena kuposa, ndiponso kuti anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa. Komabe makampani okhala ndi zipangizo zabwino ndithu akhala akutseka, chifukwa funso lakuti ndalama zizichokera kuti mwezi uliwonse analiyankha mopupuluma. Nkhaniyi ndalembera amene akufuna kuyambitsa ntchito yotereyi, komanso bungwe limene likusankha kampani yogwira nayo ntchito. Wofuna kugulira kholo lake apezamonso zake chakumapeto.

Zoyezera zinayi

Njira iliyonse mwa zisanuzi ndiiyeza ndi zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo. Ambiri akamawerengetsa amayambira pa chipangizo, chonsecho chimenecho ndicho chopepuka. Chodya ndalama ndi munthu woyankha belu likalira. Mlungu uli ndi maola 168. Ngati wantchito mmodzi agwira maola 40, mpando umodzi wokha woyankhira mafoni usana ndi usiku ufuna anthu oposa anayi, ndipo mukawerengera tchuthi ndi kudwala, ndi asanu. Asanuwo alandira malipiro kaya makasitomala anu ndi 50 kaya ndi 5,000. Pamwamba pake pali ndalama zosakira kasitomala aliyense watsopano, ndi zotumira munthu kukaika chipangizo m'nyumba n'kuphunzitsa mwini wake.

Chachiwiri ndi kupezeka, kunena kuti chithandizocho chimufika ndani. Pa malonda awa, wogwiritsa ntchito, wosankha ndi wolipira nthawi zambiri amakhala osiyana. Agogo ndiwo avale wotchi, mwana wawo ndiye wasankha, koma ndalama zikuchokera ku inshuwalansi kapena ku boma. Bizinesi iliyonse imatchera khutu kwa wolipira, ndiye n'kofunika kudziwa kuti wolipirayo amafuna chiyani.

Chachitatu ndi kusamalira zipangizo zikaikidwa kale. Mabatire amatha, mapulogalamu amafuna kukonzedwanso, ndipo netiweki imene chipangizo chimadalira si yanu. Mu 2022 makampani akuluakulu a mafoni ku America anazimitsa netiweki ya 3G, ndipo mabelu akale odalira 3G anafunika kusinthidwa limodzi limodzi, nyumba ndi nyumba. Ku Britain mafoni akale a waya akusamutsidwira pa intaneti, ndipo tsiku lomalizira ntchitoyi analisuntha kuchoka December 2025 kupita January 2027, mwa zina chifukwa mabelu ena a okalamba ankaleka kugwira ntchito foni ikasinthidwa. Njira ya bizinesi imene ilibe ndalama za chaka chachitatu ndi chachisanu ingooneka bwino papepala.

Chachinayi ndi zoopsa, za kampani komanso za munthu wodalira chithandizocho. Zoopsa za awiriwa sizilemera mofanana. Kampani ikatseka, eni ake ataya ndalama. Gogo amene sanamve kuti yatseka apitiriza kuvala kabatani kosalira kulikonse.

1. Banja kulipira mwezi ndi mwezi

Iyi ndiyo njira yakale ndiponso yodziwika kwambiri. Kampani imabwereketsa chipangizo, kapena kugulitsa motsika, n'kumalandira ndalama mwezi uliwonse.

Mtengo. Ndalama zimatuluka zambiri poyamba n'kumabwerera pang'onopang'ono. Mwagula chipangizo, mwalipira zotsatsa malonda, mwatuma wokaika, ndiye mudikire miyezi ingapo kasitomalayo asanayambe kukupatsani phindu. Vuto n'lakuti mabanja ambiri amafuna belu kholo litagwa kale kamodzi, thanzi litayamba kutsika. Kasitomala wotere sachoka chifukwa chodandaula. Amachoka chifukwa wasamukira kunyumba yosamalirako okalamba, wapita kukakhala ndi ana, kapena watisiya. Palibe kuchotsera mtengo kumene kungamubweze. Koma makasitomala akachuluka, bizinesi imeneyi imakhala ndi ndalama zodziwikiratu, n'chifukwa chake Best Buy, kampani yogulitsa zamagetsi ku America, inagula GreatCall, kampani ya mafoni ndi mabelu a okalamba, mu 2018 pa madola 800 miliyoni, kampaniyo ili ndi olipira mwezi ndi mwezi oposa 900,000.

Kupezeka. Mutha kuyamba msanga, osadikira chilolezo cha chipatala kapena tenda ya boma. Koma chithandizo chimafika kwa okhawo amene ali ndi ndalama yapadera mwezi uliwonse, kapena mwana wowalipirira. Munthu wosauka wokhala yekhayekha, amene akufunikira belu kuposa wina aliyense, ndiye amatsala.

Kusamalira. Apa njirayi imaposa zinzake. Chipangizo chikadali cha kampani, ndalama zikulowa mwezi uliwonse, ndiye batire likafooka kapena netiweki ikasintha pali thumba lotapamo.

Zoopsa. Pano ndikhalitsapo pang'ono. Mwana wolipirayo kwenikweni akugula mtendere wa mumtima mwake. Ndalama ipitiriza kulowa kaya kabatani kavalidwa kaya kali mudirowa, choncho kampani ilibe choikakamiza kufufuza. Taganizirani gogo wadzuka 3 koloko usiku kupita kuchimbudzi. Kabatani wakasiya patebulo la pafupi ndi bedi chifukwa chingwe chake chimamuyabwa m'khosi akagona. Waterereka pansi ponyowa, ndipo kabataniko kali mamita anayi kuchokera pamene wagona. Kapena wakavala ndithu, koma akuti ndisavutitse anthu usiku uno, ndidzuka ndekha. Zimenezi si zongopeka. Kafukufuku wa ku Cambridge, ku Britain, wa anthu a zaka zoposa 90, wofalitsidwa mu 2008, anapeza kuti pa kugwa kochuluka kumene munthu anali yekha n'kulephera kudzuka, belu linalipo koma silinadinidwe. Kampani yoona mtima imaika m'bajeti ndalama zoimbira kasitomala nthawi ndi nthawi, kuyesa belu limodzi naye, ndi kumuzoloweza kuti kudina si kuvutitsa. Zimenezi zimadya phindu, ndiye ambiri amazidumpha. Mayesero ena ndi odziwika: kugulitsa poopseza, kumanga anthu ndi kontirakiti yaitali, ndi kupitiriza kudula ndalama mwini wake atamwalira. Palinso nkhani ya ulemu. Mwana amafuna kuona chilichonse pa foni yake, pamene kholo silifuna kuti nthawi imene lapita kuchimbudzi idziwike kwa ana.

2. Kugulitsa chipangizo kamodzi basi

Mtengo. Wogula alipira kamodzi, kampani ilandira ndalama yake pompo. N'zosavuta kufotokoza ndiponso n'zosavuta kugulitsa.

Kupezeka. Chipangizo chimapezeka paliponse pogulitsira zamagetsi, ndipo wotchi sichititsa manyazi ngati kabatani ka m'khosi. Apple inaika luso lozindikira kugwa mu wotchi yake ya Series 4 mu 2018: munthu akagwa mwamphamvu n'kukhala osasuntha kwa mphindi imodzi, wotchiyo imaimba yokha nambala ya ngozi ndi kutumiza uthenga kwa achibale. Koma imafuna foni yamakono, zala zotha kugwira kagalasi kakang'ono, ndi maso oona timalemba.

Kusamalira. Zonse zili m'manja mwa wogula. Wotchi yotere imafuna kutchajidwa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ambiri amatchaja usiku, nthawi yomwe ija ya ulendo wa kuchimbudzi.

Zoopsa. Palibe woyankha wolipidwa, ndiye belu limalira kwa mwana amene mwina wazimitsa foni. Kwa kampani yaing'ono vuto ndi masamu: ndalama mwalandira kamodzi, koma maseva (makompyuta a pa intaneti amene chipangizo chimadalira) mulipira mwezi uliwonse mpaka kalekale. Karoboti ka pakhomo kotchedwa Jibo ndi chitsanzo: kampani itatha, maseva ake anazimitsidwa mu 2019 ndipo zambiri zimene kankachita zinathera pomwepo. Apple ingapirire chifukwa imagulitsa zinthu zina zambiri. Inu amene mukudalira chipangizo chimodzi simungapirire choncho.

3. Kontirakiti ndi boma, khonsolo kapena bungwe losamalira anthu

Pano kasitomala ndi mmodzi koma amabweretsa anthu mazana kapena masauzande. Ku Britain mabelu ambiri a okalamba amafika kudzera m'makhonsolo ndi mabungwe a nyumba, ndipo ogwiritsa ntchito ndi pafupifupi 2 miliyoni.

Mtengo. Ndalama zotsatsira malonda zimachepa, ndipo asanu aja oyankha mafoni amakhala ndi ntchito yokwanira kuyambira tsiku loyamba. Koma walira mvula walira matope. Tenda imatenga miyezi yambiri, nthawi zina kuposa chaka, mapepala ake amafuna munthu wakewake, ndipo malipiro amabwera ntchito itagwiridwa kale. Kampani yopanda mpamba wokwanira itha kufa ndi njala kontirakiti ili m'manja.

Kupezeka. Iyi ndiyo njira yofikira osauka ndi okhala okha, chifukwa munthu amalandira malinga ndi vuto lake. Malire ake ndi malamulo a wolipira: wokhala kunja kwa dera la khonsolo, kapena amene vuto lake silinafike pa muyezo wawo, sapatsidwa.

Kusamalira. Zimadalira zimene zalembedwa. Kontirakiti yabwino imatchula amene asinthe mabatire, amene akatenge chipangizo munthu akamwalira n'kuchiyeretsa kuti chipite kwa wina, amene alipire netiweki ikasintha, ndi mphindi zimene belu liyenera kuyankhidwa. Chimene sichinalembedwe chidzakhala mkangano.

Zoopsa. Tenda ikayang'ana wotsika mtengo yekha, choyamba kudulidwa ndi maulendo okaona anthu kunyumba. Kasitomala mmodzi akakhala theka la ndalama zanu, kusintha kwa bajeti yake ndi imfa yanu. Ndipo musalonjeze boma kuti lipulumutsa ndalama musanaone umboni. Kafukufuku wamkulu wa Whole System Demonstrator, amene anayamba mu 2008 m'madera a Kent, Cornwall ndi Newham ku Britain ndi anthu pafupifupi 6,000, anapeza kuti pakati pa odwala matenda okhalitsa amene ankayezedwa ali kunyumba, omwalira ndi ogonekedwa m'chipatala anachepa. Koma atawerengetsa ndalama zonse, njirayo inapezeka yodula poyerekeza ndi phindu lake, ndipo mabelu ndi masensa sanachepetse kwenikweni kugwiritsa ntchito zipatala. Palinso vuto la matumba awiri: khonsolo ndiyo imalipira belu, koma ngati pali ndalama yopulumuka, imapulumukira kuchipatala. Wolipira akaona kuti akulimira mnzake, amatopa. N'chifukwa chake ntchito zambiri zoyesera zimayamba ndi chikondwerero, zimatha pakapita chaka, zipangizo n'kutsala m'makatoni.

4. Dokotala kulembera, inshuwalansi kulipira

Njira iyi imatenga pulogalamu kapena chipangizo ngati mankhwala. Germany inatsogola ndi lamulo la 2019 lolola madokotala kulembera odwala mapulogalamu a pa foni otchedwa DiGA, ndipo oyamba analowa m'kaundula mu October 2020. Bungwe la boma loona za mankhwala, la BfArM, limaunika pempho la kampani m'miyezi itatu. Pulogalamu itha kulowa mongoyembekezera kwa chaka chimodzi ikusonkhanitsa umboni wakuti imathandizadi. M'chaka choyamba kampani imaika mtengo wake, kenako imakambirana ndi mabungwe a inshuwalansi. Ku America, Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba, inayamba mu 2018 kulipira mwapadera ntchito yoyeza odwala ali kunyumba.

Mtengo. Khomo lake ndi lodula kuposa onse. Pamafunika chiphaso chakuti chipangizo ndi cha zachipatala, kafukufuku weniweni woyerekeza odwala, ndi chitetezo cholimba cha uthenga wa odwala (zonse zolembedwa zokhudza iwo ndi thanzi lawo), zonsezi musanalandire kalikonse. Ku Germany mitengo yambiri imatsika kukambirana kukachitika, ndiye wowerengera mtengo wa chaka choyamba amadzinamiza.

Kupezeka. Papepala ndi anthu ambiri zedi: inshuwalansi ya boma ku Germany ili ndi anthu oposa 70 miliyoni. Koma pakhomo paima dokotala. Ngati sakuidziwa pulogalamuyo, kapena akuona kuti imuwonjezera ntchito yosalipidwa, salembera. Njirayi imagwiranso m'maiko ochepa okha amene ali ndi malamulo otere, ndipo dziko lililonse lili ndi khomo lakelake.

Kusamalira. Malipiro amamangidwa pa zowerengeka. Kwa zaka zingapo Medicare inkafuna kuti chipangizo chitumize zotsatira masiku osachepera 16 pa masiku 30, ndiponso kuti ogwira ntchito zachipatala athere mphindi 20 pamwezi pa wodwalayo. Ubwino wake ngwakuti kampani imakakamizika kutsatira ngati makinawo akugwiritsidwadi ntchito, zosiyana ndi njira yoyamba ija. Kuipa kwake ngwakuti namwino angayambe kuthamangitsa masiku ndi mphindi m'malo mwa munthu.

Zoopsa. Chilolezo si malipiro. Kampani ya Pear Therapeutics inalandira chilolezo cha FDA, bungwe la boma la America lovomereza mankhwala, mu 2017 cha pulogalamu yake ya reSET, madokotala ankailembera ndithu, koma mainshuwalansi ambiri sanafune kulipira, ndipo kampaniyo inagwa mu April 2023. Chinanso, inshuwalansi ya zaumoyo imalipira matenda okhala ndi dzina. Kusungulumwa, kuiwala kuzimitsa chitofu ndi mantha a kugwa ndizo zimachotsa anthu ambiri m'nyumba zawo, koma sizilowa mosavuta m'mafomu a inshuwalansi.

Ndionjezerepo pano za mgwirizano wolipidwa malinga ndi zotsatira, woti kampani ilandire gawo la ndalama zimene zapulumuka odwala akachepa m'chipatala. Umamveka bwino pamsonkhano. Koma kutsimikizira kugwa kumene sikunachitike n'kovuta, ndipo pa anthu ochepa, odwala kwambiri awiri kapena atatu atha kusokoneza masamu a chaka chonse. Kampani ya zaumoyo ya Babylon Health inasenza makontirakiti akuluakulu ofanana ndi awa ku America, ikutaya ndalama chaka ndi chaka, mpaka inagwa mu 2023. Kampani yaing'ono ingavomere kagawo kochepa chabe ka malipiro ake kukhala kotere.

5. Zaulere: zotsatsa malonda, uthenga wa anthu, kapena thandizo la mabungwe

Mtengo ndi kupezeka. Wogwiritsa ntchito salipira, choncho anthu amalowa ambiri mofulumira. Pa pulogalamu yokumbutsa mankhwala kapena yophunzitsa masewera olimbitsa miyendo, mtengo wa munthu aliyense wowonjezera ndi wochepa, ndipo zitha kutheka, makamaka ngati ena amalipira kuti apeze zowonjezera.

Kusamalira. Ndalama za zotsatsa malonda sizingalipire woyankha usiku. Thandizo la mabungwe nalo limakonda kugula zipangizo zatsopano kuposa kulipira mabatire a chaka chachinayi.

Zoopsa. Ndalama ikasowa, maso amatembenukira ku uthenga wa odwala. Mu 2023 bungwe la FTC, loteteza ogula ku America, linalipiritsa GoodRx, kampani yothandiza anthu kugula mankhwala motsika mtengo, madola 1.5 miliyoni pa mlandu wopereka uthenga wa zaumoyo wa anthu ku makampani otsatsa malonda monga Facebook ndi Google popanda chilolezo. Ku Ulaya lamulo la GDPR, logwira ntchito kuyambira 2018, limaika uthenga wa zaumoyo m'gulu lotetezedwa mwapadera. Pa ntchito yathuyi nkhaniyi ndi yolemera koposa, chifukwa uthengawo ukunena kuti munthu uyu ndi wofooka, amakhala yekha, ndipo amagona nthawi yakuti. Ine sindingamange chithandizo cha ngozi pa njira imeneyi.

Iti ikuyenera ndani

Ngati chithandizo chanu chili ndi munthu woyankha usana ndi usiku, zosankha zenizeni ndi ziwiri: kulipira mwezi ndi mwezi, kapena kontirakiti. Wokhala ndi mpamba wochepa ayambe ndi mabanja olipira okha m'dera limodzi laling'ono, ndipo ntchito yoyankha mafoni aigule kwa kampani imene ili nayo kale m'malo molemba asanu akeake. Akakhala ndi mbiri ya chaka chimodzi kapena ziwiri yoonetsa mphindi zimene amayankhira, apite ku tenda.

Ngati cholinga ndi kufikira osauka, kontirakiti ndi boma kapena bungwe ndiyo njira, koma funani yoposa chaka chimodzi, yotchula ndalama zosamalira zipangizo, ndipo kasitomala mmodzi asakhale mpweya wanu wonse. Ndalama za thandizo zigwire ntchito yoyambira ndi yosonkhanitsa umboni, wolipira wokhalitsa atadziwika kale.

Ngati muli ndi pulogalamu ya matenda amodzi odziwika, monga shuga kapena mtima, muli m'dziko lokhala ndi lamulo lolipira zotere, ndiponso muli ndi ndalama zopirira zaka zingapo, inshuwalansi ndi yoyenera kuyesa. Lankhulani ndi olipira ndi madokotala kafukufuku asanayambe.

Kugulitsa kamodzi kumayenera chipangizo chotha kugwira ntchito popanda seva yanu, chogulidwa ndi munthu amene akadali wamphamvu ndipo ali ndi achibale apafupi. Zaulere zisiyireni zikumbutso ndi maphunziro. Kusakaniza njira n'kotheka, ndipo makampani okhwima ambiri amatero, koma kwa woyamba kumene mapanga awiri avumbwitsa: kugulitsa kwa banja ndi kugulitsa kwa khonsolo zimafuna antchito osiyana, mapepala osiyana ndi kuleza mtima kosiyana.

Inu amene mukusankhira kholo, yambani mwafunsa mwini wakeyo ngati angavale chinthucho posamba ndi pogona, ndiponso zimene akulola kuti ana aziona. Kenako funsani kampani kuti belu likalira 3 koloko usiku ayankha ndani, akalephera kulankhula ndi agogo atuma ndani, wotumidwayo alowa bwanji chitseko chili chokiya, magetsi kapena intaneti ikazima chipangizo chigwira maola angati, ndiponso mukafuna kusiya mwezi wamawa mulipira chiyani.